Zidutswa Khumi ndi Chimodzi pa Chingwe

Chitini chinatera patebulo, khu! Chinagudubuka mpaka pansi, chivindikiro uko, icho uko. M'kati munalibe kanthu, dzimbiri lokhalokha.

"Filimu ya bambo ili kuti?"

Mzime sanayankhe msanga. Anali atangolowa kumene kuchokera kushopu yake yosokera zovala, chikwama chikadali paphewa. Pakhomopo aliyense ankamuitana Mzime poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo amene ankamufunsayo anali mchimwene wake wamkulu, Chibakera. Dzina limeneli sanam'patse pocheza ayi, analigwirira ntchito.

"Ndikufunsa iwe! Wagontha?"

"Ili pabwino, achimwene."

Mbama imene inamupeza inamuzunguza mpaka anakagunda kabati. Matambula awiri anagwa, phwaa! Asanadziwe kuti kumwamba ndi kuti, Chibakera anali atamugwira kale tsitsi, akumukokera pomwe panali chitinicho.

"Pabwino ndi kuti? Kwa kachibwenzi kako kaja? Kamunthu konunkha guluu kaja?"

Amayi awo anatulukira kukhitchini manja ali pamutu. "Mwanawe, umupha mlongo wako! Musiye, ndakugwira mwendo!" Chibakera anawakankha ndi chigongono osawayang'ana n'komwe, ndipo mayi wachikulire anakakhala pansi pafupi ndi chitseko.

Abale inu, zonsezi chifukwa cha filimu ya mphindi zisanu ndi imodzi! Koma sinali filimu wamba. Malemu bambo awo sanaijambule ndi kamera. Anatenga lamba wakuda wa filimu, singano ndi utoto, n'kumakanda kachithunzi kamodzikamodzi palambapo, kachithunzi kosaposa chikhadabo. Zaka zinayi zathunthu munthu atawerama patebulo mpaka maso anatha. Munalibe mawu, munalibe nkhani, munalibe tinyama toseketsa ana ngati m'makatuni ena aja. Munali timizere toyera tovina mumdima, tosanduka mbalame, mbalame n'kusanduka moto, moto n'kusanduka dzanja lotambasuka. Anaionetsa kamodzi kokha muholo. Ena anatuluka akutukwana, ena anakwera pamipando akuwomba m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu otolera mafilimu osowa mtima sunawakhalenso pansi. Filimuyo inalibe inzake. Ikanawonongeka, panalibe kwina kokaitenga.

"Loweruka bwana Magolovesi akubwera kudzaitenga," anatero Chibakera akupumira m'mwamba. "Ndinawalonjeza, iwo andilonjeza lole yangayanga. Ndipo iwenso akukufuna, anena kawiri konse. Mwamuna weniweni, osati kokonza zinyalala kako kaja."

"Akakwatire chitinicho, si icho chili pansi apo?"

Theche linamupeza m'nthiti. Mzime anapindika, mpweya unathawa, koma pakamwa anatseka kuti gwa. Mwezi wotsatira chibwenzi chake, amene anthu ankangomutchula Mmisiri poti ankakonza mafilimu akale, chinali chodzaonekera kwa amayi. Mwamuna ameneyo ankamukonda, ndipo sakanamupereka m'manja mwa mlongo wake ngakhale atamuthyola nthiti zonse.

*

M'mawa mwake, asanatsegule shopu, foni inalira.

"Wadzuka bwanji, mfumukazi ya masizasi?" unali uthenga wa Mmisiri.

"Ndadzuka ndi tsaya limodzi lalikulu," anayankha.

"Wakumenya? Ndikubwera pompano."

"Ubwere udzatani, ndi timikono takoto? Khala komweko. Sindinaulule."

"Timikono tomweti mpaka udzatikumbatire moyo wako wonse."

Mzime anaseka, nthiti inamukumbutsa kuti asaseke kwambiri. Mmisiri anali wotero. Anakumana chaka chathacho pomwe mnyamatayo anabwera kushopu kudzasoketsa makatani akuda a chipinda chake chogwirira ntchito. Anabwerera nawo katatu, ati akulowetsa kuwala. Ulendo wachitatu Mzime anawayanika padzuwa, sanaone kabowo ngakhale kamodzi, ndipo anamufunsa kuti, "Achimwene, kodi vuto ndi makatani kapena ndi inuyo?" Mmisiri anangokanda m'mutu n'kuvomera mlandu.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene Mzime sankachiiwala. Tsiku limene Mmisiri anadziwa kuti iye ndi mwana wa ndani, anaimirira pampando, maso ali gwa, akufunsa kuti, "Filimu ya singano ija ili kwanu? Ilipo ndithu?" Mzime sanamuonepo akusangalala chotero, ngakhale tsiku limene anamulola. Zinamupweteka, ndipo sanamuuze.

Atamuonetsa chitinicho mobisa, Mmisiri anangonunkhiza n'kukwinya nkhope. Anati filimu ikayamba kununkha viniga ndiye kuti yayamba kufa, ndipo chitini chadzimbiri ndicho chikuimaliza. Motero Mzime anabweza chitini chopanda kanthu m'kabati, filimu n'kuipereka. Mmisiri sanaiike kuntchito kwake, komwe aliyense ankakudziwa. Anaitengera kukachipinda kapamwamba pa sitolo yotsekedwa ya malemu amalume ake, kuseri kwa okonza nsapato. Malo amenewo ankawadziwa anthu awiri okha, iye ndi Mzime.

"Ndibwere madzulo ano ndidzaione?" analemba Mzime.

Yankho linachedwa. "Usabwere kaye. Sindikufuna uione mmene ililimu."

"Ili bwanji?"

"Ndidzakufotokozera. Ndipatse masiku asanu ndi anayi basi."

Mzime anauwerenga uthengawo katatu. Masabata atatu anali atadutsa kale, ndipo nthawi zonse yankho linali lomwelo.

*

Masana galimoto yaitali yotuwa inaima pakhomo pa shopu. Dalaivala anatsika n'kunena kuti bwana akupempha mphindi ziwiri zokha. Mzime anafuna kukana, koma makasitomala anali atayamba kale kusuzumira, ndiye analowa kumpando wakumbuyo atavala epuloni yake.

Bwana Magolovesi anali munthu wonenepa bwino, wa mawu ofewa, ndipo magolovesi oyera sankawavula ngakhale popatsa munthu moni. Kunyumba kwake, anthu ankati, kunali chipinda chozizira chodzaza zitini za mafilimu omwe sankaonetsa munthu aliyense.

"Tsaya latani, chemwali? Mlongo wanu uja ndi wa dzanja lolemera. Kwa ine simukanakhudzidwa ndi ntchentche yomwe."

"Mwandiitanira chiyani, bwana?"

"Anthu amatiyesa amisala ife otolera," anatero bwanayo ngati sanamve. "Amati filimu n'njoonera. Ayi, chemwali. Yoonera ili paliponse, ngakhale pafoni panupo. Ife timafuna chinthu chimene ukachigwira umadziwa kuti padziko lonse palibe wina amene wachigwira nthawi yomweyo. Filimu ya bambo anu ndaisaka zaka makumi awiri. Dzanja lawo linakhudza kachithunzi kalikonse. Mukundimva?"

Anatsegula kabokosi kofewa m'kati. Munali kagalasi, ndipo m'kagalasimo munatsekeredwa kachidutswa ka lamba wa filimu, tizithunzi tisanu. Anakakweza pawindo. Mzime anaona mbalame yoyera yokandakanda, phiko limodzi lofiira. Mtima unagunda, thi! Dzanja la bambo ake akanalidziwa ngakhale atamudzutsa kutulo.

"Mwakatenga kuti aka?"

"Timagula, timagulitsana. Wakuba wochenjera sagulitsa filimu yathunthu, chemwali, amagwidwa. Amaidula tizidutswa, aka kwa uyu, aka kwa uyo. Ine sindikunena munthu. Ndikungofunsa: filimuyo munaiona liti komaliza ndi maso anu?"

 Bwanayo anasendera pafupi, zitseko zinalira, kete! Dalaivala anali atakhoma.

"Anyamata a m'ntchito yathuyi ndimawadziwa. Amafunsira chitini, mkazi amangobwera ngati chivindikiro. Ine ndikufuna zonse ziwiri, ndipo sindikubisa." Golovesi linatera padzanja la Mzime n'kufinya, kufinya mpaka mafupa anaphwanyirana.

"Ndisiyeni."

"Loweruka mudzakhala mutandizolowera."

Mzime anapisa dzanja linalo m'thumba la epuloni. Sizasi yaikulu yodulira nsalu inatsika ndi mphamvu zake zonse n'kuzika pampando, pakati penipeni pa miyendo ya bwanayo. Chikopa cha mpando chinang'ambika, kwee! Bwana uja anakuwa ndi mawu amene sanali ofewanso.

"Uzani dalaivala wanu atsegule. Ulendo wachiwiri sindiphonya."

Chitseko chinatseguka, Mzime anatsika. Anali atamugonjetsa bwanayo, inde, koma mawu a bwanayo anatsika naye m'galimotomo.

*

Shopu anaitseka dzuwa likadali pamutu. Anadutsa pakati pa okonza nsapato osapereka moni, n'kukwera masitepe achitsulo a kuseri kwa sitolo ija. Kiyi ankadziwa pomwe amabisa. Anatsegula, n'kukoka katani lakuda lomwe anasoka yekha.



Kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma ilo kunali chingwe, ndipo pachingwepo panalendewera filimu ya bambo ake, yodukaduka. Zidutswa zazitali, zidutswa zazifupi, chilichonse chopanidwa ndi pegi ngati zovala zamkati, mchira wake wopindidwa m'thumba lansalu pansi. Pegi iliyonse inali ndi kapepala. Patebulo panali lezala, kasizasi kakang'ono ndi galasi lokuzira zinthu. Mmisiri panalibe.

"Mayo ine," ananong'ona Mzime. "Zaka zinayi za bambo anga."

Anawerenga zidutswazo, zinali khumi ndi chimodzi. Sanaganizenso. Manyazi, mkwiyo ndi mbama za dzulo zinamukwera kumutu nthawi imodzi. Iye kumenyedwa mateche chifukwa cha wakuba! Anatulutsa foni n'kulembera mchimwene wake, zala zikuthamanga: "Bwerani msanga. Kachipinda kapamwamba kuseri kwa okonza nsapato, masitepe achitsulo. Waidula. Mudzamuonetse." Anatumiza.

Sipanapite mphindi khumi, masitepe analira. Mmisiri analowa akuimba kamluzu, kabotolo ka guluu kali m'manja. Ataona Mzime anaima, kenaka anamwetulira mwamanyazi.

"Ndinati usabwere kaye, wamakani iwe. Taona tsaya lakolo, mayo! Bwera kuno."

"Usandigwire. Wagulitsa zingati?"

"Ndagulitsa chiyani?"

"Ndaona ndi maso anga, tizithunzi tisanu m'kagalasi, mbalame ya phiko lofiira. Unandifunsira ine kapena chitini?"

Mmisiri anaika kabotolo patebulo pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anatenga magolovesi ansalu, navala, n'kunyamula nsonga ya chidutswa chimodzi pamodzi ndi galasi lija.

"Bwera uone. Sindikukugwira, ingoyang'ana apa. Ukuona chachikasu ichi chouma? Ndi guluu wa bambo ako. Sanakande lamba mmodzi wautali ayi, ankakanda chidutswa chimodzi, akamaliza n'kumata ku chinzake. Guluuyo anauma kalekale. Tsiku limene ndinayamba kuitambasula inangomasuka yokha m'manja mwanga, malo khumi onse. Ndinatsala pang'ono kulira. Sindinadule kachithunzi ngakhale kamodzi, Mzime. Lezala iyi n'njopalira guluu wakale kuti watsopano agwire."

Mzime anayang'ana m'galasimo. Nsongayo inali yachikasu, yakale, yopanda bala latsopano. Anayang'ana ina, chimodzimodzi. Inanso, chimodzimodzi.

"Nanga kachidutswa ka bwana Magolovesi?"

"Phiko lofiira? Muno mulibe mbalame ya phiko lofiira, fufuza wekha. Kameneko n'koyeserera, bambo ako ankagawira anzawo tizidutswa totero asanayambe ntchito yeniyeni. Kakhala kakuzungulira m'manja mwa otolera ife tisanabadwe. Aliyense m'ntchito muno amakadziwa, ndipo bwana wakoyo amakadziwa kuposa tonse." Analoza timapepala tija. "Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi. Filimu ya nkhani ukhoza kuilumikiza mongoganizira, munthu amalowa pakhomo asanakhale pampando. Koma iyi ilibe nkhani. Palibe angadziwe kuti moto umabwera mbalame isanabwere kapena itapita. Ndondomeko yake ili pa timapepalati ndi m'mutu mwangamu basi. N'chifukwa chake sindifuna munthu muno, ngakhale mphepo."

Anavula golovesi limodzi n'kumukhudza tsaya lotupalo ndi nsonga za zala.

"Ndinkafuna ndidzabwere nayo yamoyo tsiku lodzaonekera, ndiipereke m'manja mwa amayi. Ndilibe lole ine. Ndili ndi manja awa okha. Ndipo funso lakolo, ndinabweza makatani katatu ndisanadziwe kuti ndiwe mwana wa ndani."

Mzime anakumbukira uthenga umene anatumiza uja. Foni m'thumba inanjenjemera kamodzi, ndipo sanafunike kuiyang'ana kuti adziwe amene wayankha.

"Tiye tichoke muno," anatero Mzime. "Tsopano lino. Tenga filimuyo, tiye!"

"Sizinyamulidwa chotero, iwe. Chavuta n'chiyani?"

Pansi pa masitepe panamveka mapazi olemera, a anthu oposa mmodzi.

*

Chitseko sanachitsegule, anachithyola. Chibakera analowa ndi anzake awiri onyamula katundu kudepoti, mmodzi atagwira chitsulo chomasulira matayala. Anayang'ana chingwe chija, maso anafiira.

"Galu iwe! Lole yanga waiyanika ngati masokosi?"

"Achimwene, dikirani, ndinalakwitsa, sanadule!" Mzime anathamanga kukaima pakati, koma Chibakera anamuponyera kumbali ngati mtolo wa nsalu. Anagunda mwendo wa tebulo ndi mutu, m'maso munachita nyenyezi.

"Alamu, menyani ine, koma chingwecho musachikhudze," anatero Mmisiri atatambasula manja patsogolo pa filimuyo.

"Mlamu wako ndani?"

Chibakera choyamba chinamuphwanya mlomo. Chachiwiri chinalowa m'mimba. Mmisiri anagwada, anadzukanso, n'kuimanso pomwe paja manja ali chitambasulire. Sanabweze ngakhale kamodzi, kaya chifukwa womumenyayo anali mlongo wa mkazi amene ankamukonda, kaya poopa kugwera pachingwe, Mzime sanadziwe. Anzake a Chibakera anamugwira uyu mkono uwu, uyu mkono uwo, ndipo Chibakera anamusambitsa zibakera kumaso mpaka magazi anadontha pamagolovesi oyera aja.

"Tengani katundu," analamula.

Mmodzi anakoka chingwe chonse kamodzi. Mapegi anauluka, timapepala tinabalalika mbwee, tina pansi pa nsapato, tina m'magazi, tina tinatuluka pakhomo lothyokalo ndi mphepo. Zidutswa khumi ndi chimodzi anazikolowanya m'thumba limodzi ngati zingwe za nsapato.

"Ayi! Ndondomeko!" Mmisiri anakuwa kwa nthawi yoyamba. Anapulumuka m'manja mwa omugwirawo n'kudziponya pansi, dzanja lamanja likuthamangira timapepala tija.

Chibakera analiyang'ana dzanjalo. Analanda chitsulo chija kwa mnzake.

"Dzanja lomweli ndi limene umadulira? Lomweli ndi limene umagwirira mlongo wanga?"

"Achimwene, ayi!"

Chitsulo chinatsika, phwa! Kulira kwa mafupa kunamveka chipinda chonse. Chinatsikanso. Mmisiri sanakuwenso, anangotsegula pakamwa popanda mawu. Kachitatu Chibakera analozetsa kumutu, ndipo chitsulo chinamupala pamwamba pa khutu. Akukweza kachinayi, Mzime anali atadzuka kale ndi mpando wachitsulo m'manja. Anaumenyetsa pamsana pa mlongo wake ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo. Chibakera anagwa chafufumimba, chitsulo chinagubuduka.

"Mukamukhudzanso ndikuphani," anatero Mzime, mpando uli m'mwamba. "Ndikulumbira pa manda a bambo, ndikuphani."

Pansi okonza nsapato anali atayamba kukuwa kuti kwaphedwa munthu. Anzake aja anamudzutsa Chibakera, natsika naye masitepe mothamanga, thumba lili paphewa. Mzime anagwada, anang'amba epuloni yake n'kumanga mutu wa Mmisiri. Dzanjalo sanayerekeze kuliyang'ana kawiri.

*

Mmisiri anatsitsimuka tsiku lachiwiri, cha kummawa. Masiku awiri onsewo Mzime sanachoke pabenchi la m'chipatala, ndipo nkhani zinkamupeza pomwepo. Amayi ake anabwera akulira, nati bwana Magolovesi atatsegula thumba lija anamumenya Chibakera mbama pamaso pa anthu, ati anapempha filimu, osati matumbo. Ati zidutswa zopanda ndondomeko n'zinyalala, ndipo Loweruka likadutsa osalumikizidwa aona chimene sanachionepo. Tsopano nyumba yonse inali kudikira mutu womwe anauphwanya okha.

"Ukamupemphe, mwanawe, iwe amakumvera," anatero amayiwo. "Mlongo wako apolisi amugwira dzulo. Ukamuuze kuti ndi nkhani ya pabanja."

 Mzime anali ndi pemphero lake limodzi lokha, loti Mmisiri adzuke, ndipo akadzuka asafunse funso lina lake.

Namwino atamulola kulowa, anapeza munthu wosazindikirika. Mutu unali wokulungidwa mabandeji, diso limodzi lotsekeka, dzanja lamanja lili m'chikhakha mpaka m'chigongono. Dokotala anali atanena kale kuti zala ziwiri mwina sizidzapindikanso. Diso lotsegukalo linayendayenda mpaka linamupeza.

"Mzime. Mutu wako uli bwanji? Ndinaona ukugunda tebulo."

Sanafunse za filimu. Mzime anagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu. Yankho limene analifuna chaka chathunthu linali limenelo, ndipo linafika litachedwa ndi masiku awiri.

"Usalire, iwe. Namwino wandiuza kuti unamugwetsa mlongo wako ndi mpando. Mfumukazi ya masizasi yasanduka ya mipando tsopano?" Anayesa kuseka, mlomo wosokedwa unakana. Anamugwira ndi dzanja lamanzere. "Anakutsatira, eti? Usadziimbe mlandu. Munthu akafuna kukutsatira sungamuone."

"Ndili ndi mawu," anayamba Mzime.

"Dikira kaye, mutuwu sindikuukhulupirira, mwina mawa ndidzakhala nditaiwala. Uli ndi cholembera? Ndikuuza ndondomeko, iwe wekha. Osati mlongo wako, osati bwana uja. Ndi ya bambo ako, ndipo padziko pano palibe wina amene ndingamudalire nayo. Lemba. Choyamba ndi cha mizere itatu yoimirira. Chachiwiri, madontho ngati mvula. Chachitatu, mbalame yopanda mutu."

Mzime analemba kuseri kwa kapepala ka mankhwala. Ankadziuza kuti akafika pa khumi ndi chimodzi aulula zonse.

"Chachinayi..."

"Odi muno." Anali wapolisi wachikulire wa kabuku m'manja. Anavula chipewa, napereka moni kwa wodwala, n'kugwedezera mutu Mzime. "Awa ndi akazi anu?"

"Atsala pang'ono," anatero Mmisiri. "Ndi amene anandipulumutsa."

"Mwachita mwayi. Ine sindichedwa, bambo. Amene anakumenyani tamugwira, koma akuti sanabwere mwa kufuna kwake, ati anachita kuitanidwa. Tayang'ana pafoni pake, uthengawo ulipodi." Anatsegula kabuku, n'kuwerenga mosathamanga ngati akuwerenga mndandanda wa katundu. "Bwerani msanga. Kachipinda kapamwamba kuseri kwa okonza nsapato, masitepe achitsulo. Waidula. Mudzamuonetse." Anatseka kabukuko. "Wotumiza analembedwa kuti Mlongo. Tikumufuna mayi ameneyo. Kaya inu mukumudziwa?"

 Dzanja lamanzere lija linali likadali padzanja la Mzime, koma silinkafinyanso.

"Werenganinso, bwana," anatero Mmisiri.

Wapolisi anawerenganso, mawu omwewo, mpaka pa mudzamuonetse.

"Chibakera ali ndi mlongo mmodzi yekha," anatero Mmisiri motsitsa mawu. Anatembenuza mutu movutikira mpaka diso lake linakumana ndi a Mzime. "Ndiuze kuti foni yako inabedwa. Ndiuze choncho, ndikhulupirira."

Mzime anatsegula pakamwa. Bodza linali pafupi, ndipo mwamunayo anali atalipempha yekha. Analephera.

"Ndinalemba ndine. Ndinaona zidutswa, ndimayesa..."

"Unali utalemba kale pamene ndinkakuonetsa guluu uja?"

"Inde."

"Pamene ndinkakugwira tsaya?"

"Inde."

Mmisiri anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa, pambali pa chikhakha. Wapolisi anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, natsegulanso kabuku kake.

"Mayi, muimirire, tikacheze ku ofesi."

Mzime anaimirira, kapepala kaja kali m'manja, mizere itatu yokha. "Chonde," anatero, osadziwa n'komwe chimene akupempha.

Mmisiri anali atayang'ana kukhoma.

"Bwana, mulembe onse awiri," anatero. "Ndipo muwauze anamwino kuti mayi awa asadzalowenso muno."